Handgrip ya sipuling'i ndi BP yanga: imathandiza, koma osati mmene amaigulitsira

Kachipangizo kameneka ambiri munakaonapo. Kali ndi zogwirira ziwiri zapulasitiki, sipuling'i pakati, ndi kagudumu kopotokola komwe palembedwa manambala kuyambira 5 mpaka 60 kg. Mumakapeza m'mashopu a zamasewera, m'mashopu a katundu wochokera ku China, komanso kwa anyamata otsatsa malonda pa Facebook ndi pa WhatsApp. Onse amangoti handgrip. Ogula ambiri ndi achinyamata a ku jimu ofuna mikono yodzadza. Ine ndinaigula pa chifukwa china. Ndili ndi BP, ndimamwa mankhwala m'mawa uliwonse, ndipo ndinkafuna choonjezera pa mankhwalawo. Chigamulo changa ndi chakuti imathandiza ndithu, pang'ono koma moonekera pa makina, pokhapokha mukaigwiritsa ntchito mosiyana kwambiri ndi mmene wogulitsa angakusonyezereni. Manambala a pakagudumu paja nawonso musawakhulupirire musanawayese.

Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Lilongwe. Zaka zanga zadutsa 50, ndipo kuyambira m'mawa mpaka poweruka ndimakhala pampando, maso ali pakompyuta. Bondo lakumanja linayamba kundivuta kalekale, choncho langizo lija la adokotala lakuti muziyenda ndawala mphindi 30 patsiku ndimalikwanitsa masiku ena, masiku ena bondo limakana. Kwathu BP ndi yakumtundu. Achimwene anga aakulu inawagwetsa ndi sitiroko ali kumunda, mbali yakumanzere inafooka, ndipo mpaka lero owamanga mabatani a malaya ndi alamu. Iwo sankadziwa n'komwe kuti magazi awo amathamanga. Sali okha. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo mwa iwowo oposa 90 pa 100 aliwonse sankadziwa. Ndiye ndikamalemba za kachipangizo ka sipuling'i musandione ngati ndikukamba zoseweretsa. Ndikulemba achimwene ali m'maganizo.

Amene anandiunikira za njirayi ndi mwana wa achemwali anga, amene anaphunzira physiotherapy ku College of Medicine ku Blantyre, komwe tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences. Ntchito yake yaikulu ndi kudzutsa anthu amene sitiroko yawagoneka, kuwaphunzitsanso kuyenda ndi kugwira supuni, choncho BP ya achibale ake saitenga mwachibwana. Mnyamata wa mushopu pondigulitsa anandisonyeza mmene iye amadziwira: kufinya, kutaya, kufinya, kutaya, mofulumira, kakauntala ka pambali kakuwerenga. Anandilimbikitsanso kuti ndizikweza kagudumu mlungu uliwonse mpaka ndidzafike pa 60. Mwana wa achemwali atamva zimenezo anapukusa mutu. "Amalume, zimenezo n'za anyamata ofuna mkono. Inuyo mufinye pang'ono pokha, kenako mukhale chomwecho osasuntha. Yogwira ntchito ndi wotchi, osati mphamvu zanu." Masewera otere achipatala amati isometric: mnofu ukugwira ntchito, koma chiwalo chili chiimire.

Njirayi si ya dzulo. Katswiri wa ku America, Ronald Wiley, amene ankaphunzitsa pa Miami University m'chigawo cha Ohio, anayamba kuiganizira pofufuza za oyendetsa ndege zankhondo, amene amalimbitsa minofu kuti magazi asathawe kumutu ndege ikamakhota mwamphamvu. Mu 1992 iye ndi anzake anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti anthu ofinya m'manja pa 30 peresenti ya mphamvu zawo, katatu pa mlungu kwa milungu 8, BP yawo inatsika. Anthu a m'kafukufukuyo anali ochepa, koma akatswiri ena anabwereza m'mayiko ena. Mu 2013 bungwe la American Heart Association linaiika m'gulu la njira zimene zingaganiziridwe poonjezera pa mankhwala ndi kadyedwe, ndipo malangizo a BP a ku America a 2017 amaitchula ndi miyeso yake: kufinya kanayi, mphindi 2 ulendo uliwonse, kupuma mphindi imodzi pakati, pa 30 mpaka 40 peresenti ya mphamvu zako zonse, katatu pa mlungu, kwa milungu 8 mpaka 10. Phindu limene analemba kwa munthu wa BP ndi kutsika kwa pafupifupi 5 pa nambala ya pamwamba, mwa manambala awiri amene makina oyezera BP amasonyeza. Kenako mu 2023 akatswiri a pa Canterbury Christ Church University ku England anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 270, wokhudza anthu 15,827, n'kufalitsa mu British Journal of Sports Medicine. Anapeza kuti masewera a isometric amatsitsa BP ndi pafupifupi 8 pamwamba ndi 4 pansi, pamene masewera monga kuyenda, kuthamanga ndi kupalasa njinga amatsitsa ndi pafupifupi 4.5 pamwamba ndi 2.5 pansi. Wina asamve kuti ndati tisiye kuyenda. Kuyenda kumathandiza shuga, kunenepa, mapapo ndi tulo, kumene handgrip sifikako n'komwe.

Anzanga kuntchito amandifunsa kuti kodi dzanja ndi BP zikukumana pati. Ukafinya osataya, minofu ya mkono imapanikiza mitsempha ya magazi yodutsa mkati mwake, magazi amachepa pamalopo, ndipo BP imakwera kwa kanthawi. Ukataya, magazi amakhamukira m'mitsempha ija mwamphamvu. Kukhula kwa magaziwo pa khoma la mkati mwa mtsempha kumachititsa khomalo kutulutsa nitric oxide, amene thupi limapanga lokha, ndipo ntchito yake ndi kufewetsa mtsempha kuti utambasuke. Ukamabwereza zimenezi mlungu ndi mlungu, mitsempha imazolowera kumasuka, komanso minyewa yolamulira kugunda kwa mtima ndi kuthina kwa mitsempha imayamba kudekha. Mtima ukamapopera m'njira zomasuka, mphamvu ya magazi imatsika. Koma taonani kuti pa nthawi yofinyayo BP imakwera, ndipo ukafinya kwambiri imakweranso kwambiri. N'chifukwa chake mlingo uli wofunika chonchi.

Apa ndi pamene handgrip ya mushopu imayambira kuperewera. Zonse zagona pa 30 peresenti, koma kachipangizoka sikakuuzani kuti mphamvu zanu zonse n'zochuluka bwanji. Muyenera kuyezedwa kaye ndi choyezera mphamvu ya dzanja, chimene achipatala amati dynamometer. Ine anandiyeza mwana wa achemwali uja, nditakhala pampando, chigongono chitapindika pambali pa nthiti, n'kufinya ndi mphamvu zonse kwa masekondi ochepa. Lakumanja linafika pa 38 kg, lakumanzere pa 35. Ndiye kuti mlingo wanga ndi 11 kg kumanja, 10 ndi theka kumanzere. Mlingowu ndi wochepa kuposa mmene munthu angaganizire. Kagwiridwe kake n'kofanana ndi mmene umagwirira nkhuku popita nayo kumsika: molimba kuti isapulumuke, koma osati koti uipweteke. Bambo wa BP amene angakweze kagudumu kufika pa 40 poganiza kuti kulimba ndiye kuchira msanga akudziika pachiswe.

Vuto lachiwiri ndi manambala aja. Kagudumu kamazungulira molobodoka, kachizindikiro kake n'kakakulu moti kamaphimba manambala awiri nthawi imodzi, ndipo m'bokosi mulibe pepala lofotokoza kuti makilogalamuwo anawayeza bwanji. Ndinapita nayo kwa mnzanga wowotcherera zitsulo kufupi ndi msika wa kwathu. Tinamanga chogwirira chimodzi pa vaisi, n'kukola mbedza ya sikelo yopachika, ija ogula chimanga ndi soya amayezera matumba, pakati pa chogwirira chinacho, pamene chala chapakati chimakhala. Kenako tinakoka pang'onopang'ono mpaka zogwirira zitakhudzana. Kagudumu kali pa 10, sikelo inawerenga pafupifupi 14. Kali pa 30, sikelo sinafike pa 25. Titakabweza mpaka kumapeto, pamene palembedwa 5, sikelo inasonyeza 9. Tinafunafuna pamene sikelo ikuwerenga 11, n'kudonthezerapo penti yofiira, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimayang'ana kadonthoko, osati manambala. Makilogalamu a sikelo yopachika safanana ndendende ndi a dynamometer, koma amakufikitsani pafupi, kusiyana ndi kungokhulupirira zolembedwa papulasitiki.

Kwa ine kusiyanako sikunali koopsa kwenikweni, chifukwa 14 pa 38 akadali pansi pa 40 peresenti. Amene zinawakhudza ndi mayi a kunyumba. Iwo dzanja lawo limafika pa 22 kg, kutanthauza kuti mlingo wawo ndi pakati pa 6 ndi 7. Handgrip yanga ngakhale itafewetsedwa mpaka pomaliza imawapitirira kale mlingo. Anayesa, mphindi imodzi isanathe bwino zala zinamasuka zokha. "Bambo, ichi n'cha anthu oswa miyala," anatero akubweza. Amayi ambiri, agogo ndi aliyense wa manja ofooka akumana ndi zomwezo. Opanga anaganizira wachinyamata wofuna 60, sanaganizire munthu wofuna 7, chonsecho amene ali ndi BP ambiri ali kumbali ya 7.

Chachitatu ndi chobisika. Zogwirira ziwiri zikangokhudzana, sipuling'i imasiya kuwerengera. Mukhoza kupanikiza pulasitiki pa pulasitiki inzake ndi mphamvu ya 25 kg, inu mukuganiza kuti muli pa 11. Dzanja likayamba kutopa limachita zimenezi lokha osakufunsani. Njira imene ndapeza ndi kusiya kampata kakang'ono kwambiri, koti pepala lopinda kawiri lizilowa ndi kutuluka. Ndikaona kuti mpata wakula, ndataya. Ndikamva zogwirira zagundana, ndapitirira. Zimafuna maso, ndipo m'milungu yoyamba maso amakhala pamenepo mphindi zonse ziwiri. Pakapita nthawi dzanja limaudziwa malo ake. Kakauntala ka pambali kaja pa ntchito yathuyi kalibe phindu lililonse, musalipire ndalama yoonjezera chifukwa cha iko.

Ndimachita Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu madzulo, tisanadye nsima. Ndimakhala pampando wa tebulo lodyera, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi, mkono utagona pantchafu, foni ili patsogolo ikuwerenga nthawi. Masekondi 30 oyamba sumva kanthu, mpaka umakayikira ngati pali chimene ukuchita. Mphindi ikakwana, pansi pa chigongono pamayamba kufunda. Masekondi 30 omaliza ndiwo ntchito yeniyeni: mkono umawotcha, chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zimafuna kuthawa, ndipo dzanja limanjenjemera pang'ono. Foni ikalira ndimataya mwapang'onopang'ono. Chikhatho chimakhala chotuwa, chili ndi mizere ya chogwirira, kenako umachiona chikufiira kuchokera m'mphepete kulowa pakati, zala zikuchita nyerenyere. Magazi aja akubwerera. Ndimapuma mphindi imodzi, n'kusinthira dzanja linalo. Kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere, ndipo zonse zimatha m'mphindi 11. Ulendo wachinayi umapweteka kuposa woyamba, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ngati mwamaliza maulendo onse anayi osamva kalikonse, mwafewetsa kwambiri. Ngati simukufika pa mphindi 2, mwalimbitsa kwambiri.

Chimene mwana wa achemwali anandikhomerera kuposa zonse ndi mpweya. Munthu akamalimbana ndi chinthu amakonda kubanika, kutseka pakhosi n'kukankhira mpweya m'chifuwa. Zimenezo zimakweza BP mwadzidzidzi, ndipo kwa munthu wa BP ndi pamene pagona ngozi. "Amalume, muzilankhula. Mukaona kuti mawu akukanika kutuluka, tayani." Choncho ine ndimacheza ndi mayi a kunyumba ali kukhitchini, kapena ndimawerenga mokweza mauthenga a pafoni. Nkhope isachite makwinya, mano asalumane, mapewa asakwere, ndipo dzanja linalo likhale lotambasuka pantchafu. Likayamba kukunga nkhonya nalonso, ndiye kuti thupi lonse lalowerera, zomwe sitikufuna.

Kuti mudziwe ngati ikukuthandizani muyenera kukhala ndi makina oyezera BP, ndipo kunena zoona makinawo ndi ofunika kuposa handgrip. Ngati ndalama ikukwanira chimodzi chokha, gulani makina, a lamba womanga pamwamba pa chigongono, osati a pamkono pomangira wotchi. Ine ndimayeza m'mawa ndisanamwe tiyi kapena mankhwala, nditapita kaye kokataya madzi, nditakhala phee mphindi 5, miyendo yosapingasa, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, osalankhula. Ndimayeza kawiri motalikana mphindi imodzi n'kulemba m'kope. Sindiyeza nditangomaliza kufinya. Nambala ya tsiku limodzi sinena zambiri, chifukwa BP imasintha ndi tulo, mkwiyo, ngakhale ndiwo zamchere za dzulo. Chofunika ndi kuona pamene manambala a mlungu wonse akuzungulira.

Ndisanayambe, ndili kale pa mankhwala, manambala anga a m'mawa ankazungulira pa 146 mpaka 150 pamwamba, ndi 90 mpaka 93 pansi. Mwezi woyamba kope silinasonyeze chilichonse chosangalatsa. Cha kumapeto kwa mwezi wachiwiri ndi pamene ndinayamba kuona 141, 139, 140, ndipo pansi 86 kapena 87. Pamenepo ndi pamene akhazikika. Mankhwala ndi omwe aja, mlingo womwe uja, ndipo mchere ndinachepetsa kale chaka chisanafike chimenecho, choncho ndili ndi chifukwa chokhulupirira kuti kusinthaku kwachokera m'dzanja. Si zozizwitsa. Malire a BP yoyezera kunyumba ndi 135/85, ndipo ine sindinatsike kufika pamenepo. Koma kutsika kwa 7 kapena 8 kukugwirizana ndi zimene ofufuza aja anapeza, ndipo si kochepa. Kafukufuku wamkulu wa mankhwala a BP amene anatuluka mu The Lancet mu 2021 anasonyeza kuti nambala ya pamwamba ikatsika ndi 5, chiopsezo cha matenda aakulu a mtima ndi sitiroko chimachepa ndi pafupifupi 10 peresenti. Kwa munthu amene anaona achimwene ake akuphunziranso kumeza phala, 10 peresenti ndi nkhani yaikulu.

Nditapita nalo kope ku kiliniki, adokotala analiwerenga tsamba ndi tsamba n'kunena kuti, "Bambo, pitirizani, koma mapiritsi musasiye ngakhale tsiku limodzi." Mawu amenewa ndikufuna ndiwanene mokweza, chifukwa ndikuwadziwa anthu amene anataya mapiritsi awo a BP, hydrochlorothiazide ndi amlodipine, atamva za adyo, za chammwamba kapena za tiyi wina wogulitsidwa m'mabotolo m'tauni. BP sipweteka, ndiye munthu akamva bwino m'thupi amaganiza kuti wachira. Ikupitiriza kudya impso, maso ndi mitsempha ya mu ubongo mwakachetechete. Handgrip ndi yoonjezera basi. Mankhwala akasowa kuchipatala kwanu, pitani ku famase, musanene kuti mwezi uno ndingofinya. Ndipo mchere, umene WHO imati usapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi pa zakudya zonse, ukhoza kufafaniza phindu lonse la handgrip ngati usipa, soda, tchipisi ndi timakyubu tokometsera ndiwo zikulowa mosasamala.

Phindu lake silikhalitsa mukasiya. Wiley yemwe uja anaona kuti anthu atasiya kufinya, BP yawo inabwerera pamene inali m'milungu pafupifupi 5. Choncho musaigule ngati mankhwala a malungo oti mumwa masiku atatu n'kuiwala. Ndi chinthu cha mlungu uliwonse, chaka chonse. Ubwino wake ndi wakuti imalowa m'thumba la jekete, sifuna magetsi, sifuna nsapato, mvula siilepheretsa, ndipo bondo silikhudzidwa. Ndapita nayo kumaliro kumudzi, ndapita nayo ku maphunziro a ntchito ku Mangochi. Dzanja likamalimba, mphamvu zanu zonse zimakwera, ndiye pakapita miyezi ingapo ndi bwino kuyezedwanso kuti 30 peresenti isatsalire m'mbuyo.

Ndinayesanso dynamometer ya mabatire, imene ndinabwereka kwa mwana wa achemwali kwa kanthawi, poganiza kuti mwina ndiyo yankho la mavuto onsewa. Poyeza mphamvu zonse ndi yabwino kwambiri, manambala ake ndi aakulu, owerengeka bwino, ndipo chogwirira chimasunthika molingana ndi kukula kwa dzanja. Koma imene ndinagwira ineyo inapangidwira kugwira nambala yapamwamba kwambiri. Ukafinya kufika pa 13 n'kubwerera pa 9, iyo imangoonetsabe 13, ndiye sungadziwe kuti wataya. Chogwirira chake n'cholimba, chimaluma m'zala mphindi ikadutsa. Ngati mukufuna ya mtundu umenewu, yesani mushopu momwemo kuti muone ngati nambala ikukwera ndi kutsika motsatira dzanja lanu. Kunja kuli makina opangidwira ntchito imeneyi, monga Zona Plus ya ku America, amene amayeza mphamvu zako, n'kukuwerengera mlingo ndi nthawi, koma mtengo wake ndi madola mazana angapo, ndalama zimene kuno zingakugulireni mankhwala a nthawi yaitali.

Imene inandisangalatsa ndi njira ina imene achipatala amagwiritsa ntchito poyeza manja ofooka. Amatenga makina a BP akale aja opopa ndi dzanja, okhala ndi kawotchi ka muvi. Amakulunga lamba wake kuti akwane m'dzanja, n'kupopera mpweya pang'ono mpaka muvi ufike pa 20. Munthu amafinya ndi mphamvu zonse, n'kuona pamene muvi wafika. Kuchokera pamenepo n'kosavuta kuwerengera mlingo, ndipo muvi umayenda ndi dzanja nthawi yomweyo, ukataya umatsika, ukapitirira umakwera. Lamba ndi wofewa, sapweteka zala. Mayi a kunyumba akugwiritsa ntchito njira imeneyi ndipo akukwanitsa mphindi zawo bwinobwino. Kawotchiko kamathera pa 300, choncho mwamuna wa dzanja lamphamvu akhoza kukapitirira poyeza mphamvu zonse, koma kwa amayi ndi achikulire ndikuona kuti imaposa handgrip ya mushopu kutali.

Mu kafukufuku wa 2023 uja, masewera a isometric amene anatsitsa kwambiri nambala ya pamwamba sanali a dzanja, koma otsamira khoma msana wonse, mawondo atapindika, osakhala pansi, kwa mphindi 2 kanayi. Amenewo safuna kugula chilichonse. Ngati mawondo anu ali bwino, yambani ndi khoma la nyumba yanu. Ine bondo silindilola, n'chifukwa chake ndinatsalira ku dzanja.

Pali anthu amene sayenera kuyamba paokha. Ngati makina akusonyeza 180/110 kapena kuposa, ikani handgrip pansi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati mutu ukupweteka kwambiri, maso akuchita chidima, pachifuwa pakuthina kapena mbali imodzi yachita dzanzi. Amene anadwalapo mtima posachedwa, amene anauzidwa kuti mtsempha wawo waukulu unatupa, ndi a shuga amene matendawa anawafika m'maso afunse adokotala kaye. Amayi oyembekezera amene BP yakwera nkhani yawo ndi ya kusikelo, osati ya sipuling'i. Amene zala zawo zili ndi nyamakazi kapena dzanja limachita dzanzi usiku aziona ngati sizikuonjezera ululu. Ndipo aliyense akamva chizungulire kapena mtima ukugunda mosalongosoka ali mkati mofinya, ataye pomwepo.

Pa kapangidwe, yangayi ndingaipatse theka. Sipuling'i ikadali yolimba, koma inayamba kulira nditagwiritsa ntchito miyezi yochepa, mpaka ndinadonthezera mafuta a makina osokera. Mphira wa pazogwirira umaterera dzanja likachita thukuta mu Okutobala, ndiye ndinakulungapo tepi ya nsalu. Kagudumu kamasuntha kokha kakakhala m'chikwama, choncho ndisanayambe ndimaona kaye ngati kali pa kadontho kanga ka penti. Sipuling'i imafooka pakapita nthawi, ndipo ndimabwerera nayo pa sikelo ya mnzanga uja nthawi ndi nthawi.

Pogula, musatengeke ndi nambala yaikulu ya pabokosi. Yang'anani yaing'ono. Onani ngati zogwirira zikukwana m'dzanja lanu zala zonse zinayi zitagwira bwino handgrip ili yotseguka, chifukwa zina zimatambasuka kwambiri moti wa dzanja laling'ono amayamba ndi nsonga za zala. Onani kachitsulo kolumikiza zogwirira ngati sikakugwedera. Kenako pemphani wogulitsa aifewetse mpaka pomaliza, muitseke, mugwire mphindi 2 zathunthu pa wotchi ya foni yanu muli mushopu momwemo, uku mukulankhula naye. Mukakwanitsa mosavutika, ili ndi malo oti mupezemo mlingo wanu. Mukaona zala zikumasuka nthawi isanakwane, imeneyo yakulimbirani, funsani yofewa kapena mukayese njira ya lamba wa makina a BP.